Mbiri Yanu Ili Pawiri, Amayi

Amayi,

Kodi muli bwanji kumeneko? Pepani kuti ndikukuvutitsani. Ndikudziwa kuti munapita kukapuma, ndipo munthu amene anagwira ntchito ngati mmene munagwirira inu sayenera kudzutsidwa ndi nkhani zakuno. Kalatayi ndaiyamba katatu. Yoyamba ndinaing'amba chifukwa mizere inapotoka. Yachiwiri ndinaing'amba chifukwa inali yaukali kwambiri. Iyi ndiyesa kuigwira bwino, koma sindikulonjeza.

Ndiyambe ndi zapakhomo, poti inu munkati mlendo sumufunsa mlandu asanamwe madzi. Chimanga chaka chino chachita bwino kumunda wakumtunda, koma kudambo kuja madzi anakhalitsa ndipo mizere yambiri inangofiira. Nkhokwe yanu tinaimata mwatsopano ndipo yadzaza kufika pamene munkaika chizindikiro cha makala. Mtedza tinakumba mochedwa chifukwa amuna anga, abambo a Tadala, anadwala mwendo, ndiye wina unamera m'nthaka. Fodya ndinasankha ndekha monga kale, tsamba ndi tsamba, ndipo palibe belo limene linabwezedwa. Mkazi wa mdzukulu wanu Limbani anachira ku chipatala cha Kabudula, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ali ndi makutu anu, Amayi, aja otuluka pang'ono. Khitchini yanu yapendekeka mbali yakum'mawa. Ndaichirikiza ndi mitengo iwiri, koma ikadzagwa mvula sindikudziwa.

Chiliza chanu chatha. Mlongo wanga Yosefe anagula mwala ku Lilongwe, amisiri anamanga, ndipo ine ndinapita ndi chingwe kukayeza ngati chaongoka. Chinapendekeka pang'ono kumutu, ndiye ndinawabweza. Anadandaula, koma anakonza. Tidzatsegulira Loweruka la sabata yamawa. Mkulu wa mpingo wanena kuti pepala la mbiri yanu, limene lidzawerengedwe pamanda, likhale m'manja mwake pofika Lachinayi kuti aliwone kaye. Nkhani yanga yagona pa pepala limeneli.

Mukudziwa kuti mbiri imene inawerengedwa pa maliro anu ndinalemba ndine. Ndinakhala pakhonde ndi khadi lanu la ubatizo, ndinafunsa azakhali, ndinawerenga zidzukulu kawiri kuti ndisasiye mmodzi. Munabadwira kwakuti, munabatizidwa liti, munakwatiwa ndi ndani, munabereka angati, amoyo angati, munalowa chigwirizano liti, munadwala chiyani. Palibe chimene ndinalakwitsa. Amene anaimirira n'kuwerenga anali Yosefe, poti ndi mphunzitsi ndiponso mwamuna, ndipo anthu pobalalika ankati, "Aphunzitsi alemba bwino." Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale za adzukulu okumba manda. Pa chiliza pano ndinangoti ndikopere mbiri yomweyo pa pepala loyera, ndiwonjezere kakhanda kaja.

Ndiye kunabwera mdzukulu wanu Tadala, mwana wanga uja, kuchokera ku yunivesite. Ali m'chaka chomaliza, ndipo akuti kuti amalize ayenera kulemba nkhani yaitali yokhudza mabuku a mayi wina wa ku Mangalande. Dzina lake sindilemba, lilime langa limalikana ndipo sindifuna kulilakwitsa. Anamwalira inu musanabadwe. Tadala wabwera ndi mabuku ake anayi, ndipo akawatsegula sakumva ngakhale mbuzi zitalowa m'nkhokwe.

Tsiku lina masana tikusenda mtedza ndinamufunsa kuti kodi mayiyo analemba zotani. Anati buku lina lonse ndi la tsiku limodzi lokha, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mkazi akukonzekera alendo.

Ndinati, "Ndiye chimachitika n'chiyani?"

"Palibe kwenikweni. Amayenda, amasoka diresi, amakumana ndi munthu amene ankamudziwa ali mtsikana. Koma ife timakhala m'mutu mwake, tikumva zonse zimene akuganiza."

"M'mutu mwa mwini wake? Anaodira?"

Anaseka. Ine sindimaseka. Anapitiriza kuti mayiyo ankakhulupirira kuti moyo wa munthu si tsiku lobadwa ndi tsiku lofa ayi, koma zimene zimadutsa mumtima pamene manja akugwira ntchito, zimene palibe amazifunsa, makamaka kwa akazi. Anatinso mayiyo ankanena kuti mkazi sangalembe kanthu ngati alibe chipinda chake chotseka, chopanda womuitana. Apa ndiye ndinaika lichero pansi. Ndinati, "Chipinda? Ife tinkagona anayi pa mphasa imodzi. Ndiuze, pamene iye ankalemba m'chipindamo, mbale ankamutsukira ndani?" Tadala anavomera kuti anali ndi antchito. Ndinati, "Ehe. Nanga m'mutu mwa antchitowo analowamo?" Anayankha kuti limenelo ndi funso labwino, aliika m'nkhani yake. Mwaona, Amayi? Ngakhale ukali wanga akuutola kuti akapezere malikisi.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndisakukuvutitsani. Koma mawa lake anapeza pepala langa la mbiri pa tebulo. Analiwerenga ataimirira, kenako anati, "Amayi, agogo mulibemo umu."

Ndinati, "Mulibe bwanji? Dzina si ili? Mudzi si uwu?"

"Umu muli munthu aliyense wa pa tchalitchi pathu. Mutasintha dzina, mbiriyi mukhoza kuiwerenga pa manda ena alionse."

Amayi, ndinamva ngati wandiponda pachilonda. Pepala limene ndinalisamala chotero, mwana amene ndinamuphunzitsa ndi fodya wa manja angawa akuti ndi la aliyense. Ndinamuuza kuti ngati akudziwa bwino alembe yake. Ndinanena mopsa mtima, koma iye anatenga ngati chilolezo. Anakhala masiku atatu m'chigafa, atakhala pa jeke yodindira mabelo a fodya, akulemba. Chipinda chake chija anachipeza.

Tsiku lachinayi anandikhazika pansi n'kundiwerengera. Analemba m'Chichewa chathu chomwechi, kuti adzawerenge pamanda. Sanalembe kumene munabadwira kapena tsiku la ubatizo. Anasankha tsiku limodzi lokha pa moyo wanu wonse, monga amachitira mayi wake wa ku Mangalande uja. Ndipo pa masiku onse amene munakhala pa dziko lapansi, anasankha tsiku limene munandichotsa sukulu.

Kulakwa n'kwanga. Ndine ndinamuuza nkhaniyo kale, ali fomu 2, pamene ankafuna kusiya sukulu chifukwa masamu amamuvuta. Ndinamuuza kuti achite mantha, osati kuti adzaiwerenge pamaso pa mudzi wonse.

Inu mukuikumbukira, eti? Ine ndikuikumbukira yonse. Ndinali sitandade 6. Bambo anali atagona ndi chifuwa, fodya anali atapsa m'munda, ndipo Yosefe amayenera kuyamba sukulu koma analibe malaya. Linali Lolemba. Ndinasamba, ndinapita pa chingwe kuti nditenge yunifolomu yanga yabuluu, ndinapeza palibe. Inu munali pakhomo mutaigoneka pamiyendo, lezala lili m'manja. Munati, "Kuyambira lero uzisoka fodya. Kuwerenga wadziwa, kwakwana." Basi. Simunandiyang'ane. Munaphwasula msoko uliwonse, munadula, ndipo pofika Lachitatu Yosefe anapita kusukulu atavala yunifolomu yanga itasanduka malaya. Anadutsa pa chigafa pomwe ndinali, manja anga akuda ndi phula la fodya, n'kundifunsa ngati akuoneka bwino. Nditayamba kulira munati, "Misozi sinyowetsa nazale." Mawu amenewo munandiuzanso pa maliro a Bambo, ndi pamene ndinataya mwana wanga woyamba. Aphunzitsi anga anabwera kawiri kudzakupemphani. Anakuuzani kuti m'kalasi monse palibe amene ankandiposa. Munawapatsa maungu n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Zimenezo ndi zimene ndinaona ndi maso. Tsopano imvani zimene Tadala walemba. Akuti m'mawa umenewo munadzuka mutaganiza kale, koma munatenga lezala n'kulibwezera m'thumba katatu. Akuti pophwasula msoko munkakumbukira tsiku limene munandiyeza yunifolomuyo kwa telala pa Nsaru, mmene ndinkazungulira kuti ifufume. Akuti maganizo anu ankathawira kwa Bambo akutsokomola m'nyumba, kwa mitambo, kwa inu mwini muli kamtsikana mukusuzumira pawindo la sukulu imene simunalowemo, kenako n'kubwerera pa ulusi. Akuti simunandiyang'ane chifukwa mukanandiyang'ana mukanasintha. Ndipo pomaliza akuti munanyamula mikangala yoyanikira fodya, munapita kuseri kwa chigafa, munaluma mpango wanu kuti ndisamve, ndipo munalira.

Atamaliza anandiyang'ana ngati mwana amene wabweretsa madzi osatayika. Ndinamufunsa kuti, "Unaliko?" Anati ayi. "Agogo ako anakuuza?" Anati ayi, koma wolemba amaloledwa kuganizira zimene zinali mumtima. Ndinati, "Kwanu ku yunivesite mumati kuganizira. Kuno timati bodza. Ukufuna ukaime pa manda, pamaso pa abusa, unene bodza?" Anati si bodza, ndi njira ina yonenera zoona. Pamenepo ndinalankhula mawu oipa, Amayi. Ndinati sukulu yamuphunzitsa kuba, wandibera tsiku langa n'kukupatsani inu. Ndinati mzungu wakeyo ndiye akhale mayi wake. Anakulunga mabuku, anakwera kabaza, anapita kwa amalume ake a Yosefe ku Namitete. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Foni sakuimba, inenso sindikuimba.

Yosefe anabwera dzulo pa njinga yake yamoto kudzatiyanjanitsa. Anati wawerenga, ndi zokoma kwambiri, mpaka misozi inamulengeza, ndipo iye monga mwini mbumba akuona kuti ziwerengedwe. Kenako anati, "Koma alongo, kodi malaya aja inalidi yunifolomu yanu? Ine ndinkayesa anagula." Amayi, zaka zonsezi sankadziwa. Anavala sukulu yanga pamsana mpaka inang'ambika m'khwapa, anakhala mphunzitsi, ndipo sankadziwa. Ndinamuuza kuti amwe tiyi wake azipita kusanade.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundikwiyitsa kwenikweni, poti kwa inu sindingabise. Si bodza ayi. Ndi chakuti Tadala wakukhululukirani, ndipo alibe ufulu umenewo. Yunifolomu sinali yake. Iye wakupatsani misozi yaulere, anthu adzamva, amayi a chigwirizano adzapukuta m'maso, adzati mayi ameneyu anali ndi mtima wofewa, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Nanga ine? Ine amene ndinakhala nanu zaka zonse pakhomo limodzi, ndinakusambitsani mukudwala, ndinakutembenuzani pa mphasa, ndikudikira mawu amodzi okha? Munali ndi nthawi, Amayi. Miyezi isanu ija munagona, tinkatsala awiriwiri masana onse. Munandiuza kumene munabisa mbewu ya nyemba. Munandiuza kuti mbuzi yabanga ipite kwa Limbani. Munandiuza nyimbo yoti aimbe potsitsa bokosi. Za yunifolomu, zii. Munkati zamumtima n'za mwini mtima, ndipo munapita nazo zonse osasiyako ndi kamodzi komwe. Ndani anakuuzani kuti kukhala chete ndi ulemu? Kwa ine kunali nkhanza.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sindinamuuze Tadala, ndipo ndi zimene zandilepheretsa kudya sabata yonseyi.

Choyamba, tsiku lija munapitadi kuseri kwa chigafa. Ine sindinamuuzepo zimenezi, sindikudziwa anazitenga kuti. Munanyamuladi mikangala, munakhalitsa, ndipo pobwera maso anu anali ofiira. Koma aliyense wogwira fodya maso ake amafiira. Anga ndi ofiira panopa, ndipo sindinalire. Ndiye umenewo si umboni.

Chachiwiri, pamene tinkagawa zovala zanu maliro atatha, ndine ndinatsegula bokosi lanu lachitsulo. Pansi penipeni, pansi pa nsalu ya chigwirizano, ndinapeza kolala yoyera ya yunifolomu ija, yopindidwa kanayi. Ndinaizindikira chifukwa cha banga la inki pakona. Ndinaibisa m'chilundu azakhali asanaone. Wina akhoza kunena kuti nkhani yatha pamenepo. Koma ine ndimakudziwani. M'bokosi lomwelo munali zivindikiro za mabotolo, zingwe za masaka, mabatani opanda anzake ndi chogwirira cha ketulo imene inabooka ine ndisanakwatiwe. Inu simunkataya kanthu. Ndiye kolalayo munaisunga chifukwa inali yanga, kapena chifukwa inali nsalu yoti tsiku lina n'kugambira chigamba? Ndaitembenuza kambirimbiri. Siyankha.

Ndimasankha fodya, Amayi, ndipo mumadziwa kuti sindiika tsamba pa mulu ndisanatsimikize mtundu wake. Nkhani iyi ndalephera kuipezera mulu.

Mayi wa ku Mangalande uja ndimamukwiyira ngakhale sindinamuonepo. Anakhala m'chipinda chake kutsidya la nyanja, n'kulemba zinthu zimene zabwera kudzasokoneza pakhomo panga. Tadala anandiuzanso kuti mutu unkamuvuta ndipo mapeto ake sanali abwino, moti ndikaona mwana wanga atakhala phee akuyang'ana khoma, mtima umandigunda. Koma ndinene chilungamo. Tisanayambane, Tadala anandimasulira mbali ina ya buku lina. Mayi wa pabanja, amene aliyense ankamuitana, wamwalira, ndipo wolembayo wanena imfayo m'mawu ochepa ngati akungodutsa. Kenako masamba ambiri akungofotokoza nyumba itatsala yokha, mphepo ikulowa, zovala zikudyedwa ndi njenjete pamene anazipachika. Ndinamuuza kuti ndi mwano kupha mayi mu mzere umodzi. Koma madzulo ake ndinalowa m'khitchini mwanu kukatenga chipande, ndinaona mpango wanu uli pa msomali pomwe munausiya, kangaude atamangapo, ndipo ndinaima pamenepo mpaka nkhuku zinalowa. Mzungu ameneyu anadziwa bwanji? Zimenezinso zimandikwiyitsa. Ndipo kuyambira pamenepo ndikapita ku mjigo ndimayang'ana amayi anzanga ali pamzere, ndowa zili m'manja, n'kumadzifunsa kuti m'mitu imeneyi mukuyenda chiyani. Kale sindinkatero. Ndinkangotunga madzi.

Ndiye mbiri yanu ili pawiri. Yanga ndi yoona mzere uliwonse, koma akuti inu mulibemo, ndipo ndaiwerenganso, mulibemodi. Ya Tadala muli munthu wamoyo, wopuma, koma sindikudziwa ngati munthuyo ndinu. Mkulu wa mpingo akufuna pepala limodzi. Amene angathetse mlanduwu ndi inu nokha.

Funso langa ndi limodzi, Amayi, ndipo musalizungulire monga munkachitira. Kuseri kwa chigafa kuja, kodi munalira?

Ndikudziwa kuti abusa sangakondwe kumva kuti ndikupempha yankho kwa munthu amene anagona. Ndapemphera kuti Mulungu andikhululukire ngati ndikulakwa. Koma munabwera kwa azakhali m'maloto kudzadandaula za udzu wa pamanda, ndiye njira mukuidziwa. Ngati mungayende chifukwa cha udzu, mungayendenso chifukwa cha ine. Sindikufuna nkhani yaitali. Simuyenera kupepesa, ndikudziwa kuti pakamwa panu sipangathe. Mungoti inde kapena ayi.

Mukati inde, ndipereka pepala la Tadala, ndidzakhala pansi pakati pa amayi, ndipo ndidzamvetsera mpaka kumapeto osatsutsa liwu. Mukati ayi, sindidzakudani kuposa mmene ndakudanirani kale, ndipo ndipereka langa. Koma mukakhala chete, monga ndikuopa kuti mutero, dziwani chimene ndidzachite. Ndidzapereka langa, koma Yosefe sadzaligwira. Ndidzaimirira ndekha pamutu pa chiliza chanu, ndidzawerenga ndi mawu anga a sitandade 6, ndipo pambuyo pa zidzukulu ndidzawonjezera mzere umodzi: kuti chaka china munachotsa mwana wanu wamkazi sukulu kuti wamwamuna aphunzire, ndipo chimene munkaganiza tsiku limenelo palibe akuchidziwa. Umenewo si mwano ndipo si bodza. Anthu akang'ung'udza, ang'ung'udze.

Chonde yankhani lisanafike Lachinayi. Lachitatu ndidzachapa, ndidzasita diresi, ndipo Lachinayi m'mawa ndidzanyamula pepala limodzi kupita nalo kwa mkulu wa mpingo.

Lonjezo langa ndi ili, ndipo silidalira yankho lanu. Mawa ndikwera kabaza kupita ku Namitete. Ndikamukhazika Tadala pansi, ndikamuuza kuti mawu aja ndinalakwa, ndipo ndikamuuza zonse zimene zinali m'mutu mwanga pamene ankawerenga, zoipa ndi zabwino zomwe, mpaka atatopa nazo. Mwana wanga sadzakhala pa jeke kuganizira ngati mayi wake analira. Adzamva kwa ine ndili moyo.

Ndakukwiyirani, Amayi, ndipo ndimakukondani. Zonse ziwiri n'zoona.

Ndine mwana wanu,
Esinati